Ulendo wa a Kamtedza wa ku Kumasi

Pa nkhani yonenerera ine sindinagonjepo, funsani aliyense mu Leeds muno. Lusoli ndinaliphunzira pa kaunjika mu Limbe ndisanamere ndevu, ndipo digiri imene ndinadzatenga kuno sinalichepetse. Iyo ili m'sutikesi pansi pa bedi, ine ndili kumisika ya magalimoto akale, kulimbana ndi azungu a mimba zawo. Malamulo ake ndi ochepa. Katundu amene wamukonda usamuyang'ane kawiri. Mwini wake ndiye ayambe kutchula mtengo. Ukaona kuti walimba, tembenuka uzipita, koma uziyenda pang'onopang'ono kuti mawu ake akupeze usanafike pakhomo. Ndi malamulo amenewa ndagwetsa anthu ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo tinamuika m'manda sabata yatha, chipale chikutilowa m'nsapato.

Anali a Kamtedza, kwawo ku Zomba, bambo amene anafika ku Leeds ambirife tikadali ku pulayimale. Dzina limenelo linkamveka kutchalitchi ndi kuchipatala basi. Kwina konse anali a Kwaku, dzina limene anawapatsa ku Ghana chifukwa anabadwa Lachitatu. Amalawife tinkalitchula moseka, iwo ankayankha mosaseka.

Ndinawadziwa pa phwando lokumbukira ufulu wa dziko lathu, chaka changa choyamba kuno. Aliyense anavala kanthu ka mtundu wa mbendera yathu, koma pakona panakhala mdala wamtali, wadazi, nsalu yoluka ya ku Ghana ili paphewa. Atamva kumene ndinakulira anandipatsa dzina pomwepo, ndipo mpaka imfa yawo la ubatizo sanalitchulepo.

"A Kaunjika, mpira mumatsata?"

Ndinatchula timu ina ya konkuno ku Mangalande, ndikudzimva. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti ndili ndi nthenda yopatsirana.

"Ndafunsa za mpira ine. Khalani pansi apa."

Ndinakhala, mpunga n'kuzizirira m'mbale, iwo akundiuza za zikho zinayi za Africa zimene Ghana inanyamula. Ziwiri zinabwera iwo asanafikeko. Chachitatu anachiona ndi maso awo mu Accra, atayenda ulendo wonse wochokera ku Kumasi ali pamwamba pa lole, atakhalira matumba a chinangwa. Chachinayi anachimvera pa wailesi, m'khamu la anthu limene linatseka msewu. Ankati kumeneko mwana amayamba kumenya mpira asanadziwe kupempha madzi, kuti tsiku la masewero aakulu msika umatsala ndi mbuzi zokha, ndiponso kuti m'busa wanzeru amadula ulaliki akaona amuna ayamba kuyang'ana mawotchi. Zina ankathirako mchere, ine wamalonda ndinkadziwa. Koma munthu wothira mchere pa katundu amene sakugulitsa ndinali ndisanamuonepo.

Mbiri yawo sankaifotokoza mondondoza. Inkatuluka zidutswazidutswa, pa basi, pamzere wa kuchipatala, pakati pa masewero osasangalatsa. Anapita ku Kumasi ali mnyamata kukaphunzira za makina. Ali komweko malume awo anatengedwa, m'nthawi zija munthu unkayang'ana kumbuyo usanalankhule. Thandizo la sukulu linaima, ndipo kunafika uthenga woti asayerekeze kubwerera. Anatsala opanda sukulu, opanda kwawo, chilankhulo cha eni dziko akuchimva theka. Chimene anali nacho ndi manja. Ku Zomba anali goloboyi wa timu ya pasukulu, ndipo madalaivala a malole a pa siteji ina mu Kumasi anali ndi timu yopanda goloboyi. Madalaivalawo anawayesa tsiku limodzi, m'mawa mwake anali ndi pogona ndi ntchito yokonza mainjini.

Pa siteji pomwepo panali mayi wophika zakudya, mayi Akosua, amene anawatenga ngati mwana wawo. Lamulo la mayiwo linali limodzi: mpira ukapanda kulowa m'golo, mbale inkabwera ndi nyama, ukalowa, msuzi wokha. A Kamtedza ankati palibe mphunzitsi wa mpira amene anawawongola ngati mayi ameneyo. Anachoka ku Ghana chaka cha njala, mothamanga, atapeza mpata wobwera kuno, akulonjeza kuti abweranso chaka chamawa. Chaka chamawacho chinkangosuntha. Poyamba analibe mapepala, kenako anakwatira, kenako ntchito, kenako manyazi a munthu amene wachedwa kwambiri.

Ugoloboyi sunawachoke. Zala zawo zinali zokhota ngati mizu ya chinangwa chokulira pamwala. Kapu ikaterereka patebulo, chipewa cha mwana chikauluka ndi mphepo pa sitopu ya basi, dzanja lawo linkafika lisanafike diso lako. Poonera mpira sankatsata mpira weniweniwo ayi, ankayang'ana munthu wa pagolo, ngakhale masewero ali mbali ina, n'kumamulangiza motsitsa mawu kuti asunthe pang'ono, kuti waima ngati akudikira minibasi. Ndipo Loweruka lililonse ankakwera basi kupita kometetsa, munthu wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe. Wometayo anali a Mensah, a ku Ghana, amene anali ndi tivi yogwira masewero a kwawo. Ankawakhazika pampando, kuwakulunga nsalu m'khosi, kuwapukuta dazi ndi thaulo lofunda, kuti makasitomala ena asadandaule kuti mdalayu akungodzaza malo.

Ndi Amalawi anzawo ankakangana chaka ndi chaka. Pa phwando lililonse pankapezeka wina wokhuta amene ankawakumbutsa kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iwo ankayankha kuti amayi awo sanawakanepo, koma mwana amene anadyera kwa aneba chaka cha njala akamadutsa pakhomo pa anebawo osapereka moni ndiye kuti sanaleredwe. Ankatinenanso kuti ife timakonda timu yathu ngati momwe timakondera m'bale wodwaladwala, timangofunsa kuti lero wadzuka bwanji, pamene ku Ghana timu ikalephera amaikalipira ngati mwana wanzeru amene wachita ulesi. Zimenezi zinkatipweteka. Kutchalitchi nako akuluakulu anawayendera kawiri konse pa nkhani yosowa masana a Lamulungu. Anawalandira bwino, anawaphikira tiyi, n'kuwafunsa ngati angathe kumaliza msanga poti theka lachiwiri linali pafupi kuyamba.

Chaka chimene Ghana inapita koyamba ku mpikisano wa dziko lonse, ku Germany, ndinaona mdala wa zaka zoposa makumi asanu akuthamanga mumsewu ndi masilipasi, nsalu ija ikuuluka kumbuyo, azungu akusuzumira m'mawindo. Linali tsiku limene anagonjetsa Czech. Atadzatulutsidwa ndi Brazil, a Kamtedza anakhala miyezi akuuza aliyense, mpaka dalaivala wa basi, kuti chigoli chachiwiri chija chinali cha ofusayidi. Chaka chotsatira impso zawo zinaima, ndipo anayamba moyo wa makina otsuka magazi. Anasiya ntchito, anaonda, ndipo akazi awo, amayi Nambewe, namwino wa zaka zambiri, anawaletsa mchere ndi tsabola wa ku Ghana amene a Mensah ankawapatsira mobisa. Nkhondo ya tsabolayo inali yaing'ono. Yaikulu inabwera pamene chikho cha Africa chinkakaseweredwa ku Ghana komweko, kumayambiriro a 2008.

Amayi Nambewe anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko.

"A Kaunjika, si inu mumati palibe amakuposani kunenerera?"

"Anthu ndiwo amatero, amayi."

"Mumatero ndinu. Bambo anu atenga kale viza. Akuti akakhala ku Ghana milungu itatu, munthu woti magazi ake amatsukidwa katatu pa sabata. Akuti makina ku Accra aliko. Aliko, inde, koma ndani wawasungira malo? Akadumpha kamodzi miyendo imatupa. Akadumpha kawiri mtima ukhoza kungoima. Ine anthu otere ndawatseka maso ndili pa shifiti."

"Mwawauza zimenezi?"

"Ndikanena ine amati ndikulankhula ngati nesi. Kukanakhala kumudzi ndikanapita kwa ankhoswe. Kuno ankhoswe ndiwatenga kuti? Mupite inu."

Umu ndi momwe ndinakhalira nkhoswe ya ukwati umene unamangidwa ine ndikumenya mpira wa mapepala ku Ndirande. Ndinavomera msanga, osati chifukwa cha chifundo chokha. Ndinakondwa kuti luso langa lazindikirika.

Ndinawapeza pabalaza, bulangete lili m'miyendo.

"Akutumani amayi anu," anatero ndisanakhale n'komwe.

"Ndangobwera kudzakuonani, madala."

"Ndiye jekete yogulira magalimotoyo mwavaliranji?"

Ndinaseka, ndinafunsa za thupi, ndinadandaula za kuzizira, mpaka iwo anatchula okha. Milungu itatu, kuyambira mpira wotsegulira mpaka wotsekera. Ndinaseka kuseka kuja ndimaseka mzungu akatchula mtengo wa galimoto yodontha oyilo. Ndinati ndiwapezera tivi yaikulu ngati chitseko, adzaona thukuta la osewera kuposa munthu amene ali m'bwalo momwemo.

"Tiviyo ikandiperekera moni kwa mayi Akosua?"

Anandiuza kuti mayiwo anali akadali moyo, maso atachita khungu, ndipo a Mensah anali atapeza adzukulu awo. Mayiwo atamva anangofunsa ngati goloboyi wa ku Malawi uja ananenepako. Polankhula zimenezi mawu a mdala ananjenjemera, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, chimene ndinaona n'chakuti wogula waonetsa katundu amene wamukonda. Munthu wotero amalandira chilichonse, bola asabwerere chimanjamanja.

Ndinaimirira n'kuyamba kumanga mabatani.

"Ndiye ndikawauze amayi kuti zakanika. Paja pasipoti amasunga ndi iwo."

Ndinayenda pang'onopang'ono. Ndili pakati pa balaza ndinamva akuti milungu iwiri. Nditagwira chitseko ndinamva umodzi. Ndinabwerera n'kukhala pafupi nawo ngati mwana wabwino.

"Madala, tiyeni tinene zoona. Mukufuna mukaone Ghana ikuthamangitsana ndi timatimu ta m'magulu, kapena mukaione ikunyamula chikho chachisanu? Pitani fainolo yokha. Kunyamuka Lachisanu, Lolemba muli kuno, makina mwadumpha kamodzi. Mayi Akosua adzukulu awo akawabweretse ku Accra."

"Nanga Ghana ikapanda kufika fainolo?"

"Mukukayika?"

Ndinadziwa kuti ndawagwira. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akutiuza kuti Ghana pakwawo sigonja sakanatha kunena pamaso pa Mmalawi kuti mwina igonja.

"Ikapanda kufika, mukaonako chiyani?" ndinatero. "Mukhala pansi, tidzaona ulendo wina."

Anatambasula dzanja lokhota lija, tinagwirana chanza. Kukhitchini amayi Nambewe sanandiyamike. Anati kamodziko n'kokwanira kupha munthu. Koma anati poti anatuma ndi iwo, mawu anga ndi mawu awo.

Masewero atayamba Ghana inapambana onse a m'gulu lake. Kenako inagwetsa Nigeria, wosewera wake mmodzi atatulutsidwa, ndipo kwa a Mensah anthu anavina mpaka galasi lina linasweka. A Kamtedza anabwerera kunyumba akuimba nyimbo za chilankhulo chimene akazi awo sankachimva. A Mensah anawasungitsira malo pa ndege ya Lachisanu. Amayi Nambewe anasiya kulankhula nane. Kutchalitchi ankandipatsa moni wa m'mphuno, ndipo ine ndinayamba kugona movutika, ndikuona mdala atagwa pakati pa khamu la anthu mu Accra, anthu akumupondaponda pokondwerera chigoli.

Mpira wolowera fainolo unali Lachinayi madzulo, Ghana ndi Cameroon. Tinaonera kunyumba kwawo chifukwa tsikulo anali atachokera ku makina ndipo miyendo inalibe mphamvu. A Mensah anatseka shopu n'kubwera ndi mbendera. Ine anandimangirira kansalu ka Ghana m'khosi, ndinakhala pambali pa mdala ndikuchemerera ndi pakamwa. Amayi Nambewe, amene moyo wawo wonse mpira ankautcha phokoso, anaima pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja, akuipukuta yomweyomweyo.

"Ovala zobiriwirawo ndiye ati?" anafunsa.

"Adani, amayi," anatero a Mensah m'Chingerezi chawo cholemera.

Amayi anagwedeza mutu, maso awo n'kutsata obiriwirawo. Milomo yawo inkayenda. Ndinadziwa pemphero limenelo chifukwa nanenso ndinali nalo, ngakhale langa linalibe mawu.

Ghana inakankha, inakankhanso, mpira osalowa. A Kamtedza sankalankhula ndi ife. Ankalankhula ndi goloboyi wawo, kumuuza kuti asagone, kuti timu imene ikungodziteteza ndiyo yoopsa, imaluma kamodzi. Theka lachiwiri litapita ndithu, Cameroon inathawa ndi mpira, kupatsirana kawiri katatu, wina n'kutsala yekha ndi goloboyi. Dzanja la mdala linatuluka m'bulangete n'kuwakha mphepo. Mpira unali mu ukonde.

A Mensah anatukwana m'chilankhulo chawo. Ine chifuwa changa chinamasuka ngati wina wandivula lamba wothina, ndipo ndinayang'ana pansi kuti nkhope ingandiulule. Kukhitchini madzi anayamba kutuluka pampopi, ndipo anatuluka nthawi yaitali.

Oyimbira anaimba wezulo yomaliza. Pa tivi ankaonetsa anthu akulira m'bwalo, azimayi atadzipaka utoto kumaso, amuna akuluakulu atagwira mitu. A Mensah anapinda mbendera yawo, n'kunena mongodandaula kuti chatsala n'chamanyazi, kulimbirana nambala yachitatu, Loweruka, ku Kumasi.

A Kamtedza anadzutsa mutu.

"Kuti?"

"Ku Kumasi."

Amayi Nambewe anali atabwereranso pakhomo paja. Mdala sanawayang'ane. Anayang'ana ine, poti nkhani inali m'manja mwa nkhoswe.

"A Kaunjika," anatero mofatsa, "inu a pamsika. Munthu akagula, banyira simuika?"

Ndinayesa kuseka, koma kuseka sikunabwere.

"Ndege ndi yomweyo," anapitiriza. "Masiku ndi omwewo. Makina ndidumpha kamodzi komweko munanena. Bwalo lake ndimalidziwa, kuchokera pa siteji paja munthu umayenda wapansi. Mayi aja sadzavutikanso ndi ulendo, ndikawapeza pakhomo pawo."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinaganiza za msewu wautali wochokera ku Accra, za kutentha, za miyendo imene inalephera kuwafikitsa kwa a Mensah tsiku lomwelo. Ndinayang'ana amayi Nambewe kuti andipatse chizindikiro, kaya ndi diso, kaya ndi chala. Iwo ankayang'ana mbale. Ndinatenga kukhala chete kwawoko ngati yankho, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene ndawanena kwa anthu ambirimbiri ofuna kubweza malonda.

"Madala, chanza tinagwirana pa fainolo."

Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino.

"Zoona," anatero. "Tinagwirana pa fainolo."

Anapempha a Mensah kuti akafafanize malo a pa ndege aja, n'kupempha akazi awo tiyi. Loweruka Ghana inapambana ku Kumasi, zigoli zinayi kwa ziwiri. A Kamtedza anaonera okha pa tivi. Anandiuza pambuyo pake kuti bwalo analikonza, silikuzindikirikanso, koma dzuwa likulowerabe mbali yomwe ija imene linkavutitsa agoloboyi.

Nkhani ya ulendo sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa akazi awo. Ulendo wina umene ndinalonjeza uja sunabwere, chifukwa thupi linkangotsika. Chaka chimenecho chisanathe, a Mensah analandira foni yoti mayi Akosua amwalira. Anazengereza masiku angapo asananene. Atanena, a Kamtedza anafunsa ngati mayiwo anauzidwa chifukwa chimene sanabwerere. A Mensah anati adzukulu anawauza kuti goloboyi akudwala, ndipo mayiwo anati ndiye azidya nyama. Mdala anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatipempha kuti tituluke.

Sindinganame kuti masiku otsatirawo anali a chisoni chokhachokha. Anaona mwana wawo wamkazi akukwatiwa ku Manchester, anamuperekeza okha mpaka kutsogolo, ndodo ili kudzanja lina. Miyezi iwiri yapitayi anaona anyamata a Ghana a zaka zosapitirira makumi awiri akugonjetsa Brazil pa mapenate ku Egypt n'kutenga chikho cha dziko lonse, chinthu chimene dziko lililonse la mu Africa linali lisanachitepo. Tsiku limenelo anali ofooka moti sakanatha kuimirira, koma goloboyi atagwira penate anandimenya pabondo ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo, n'kunena kuti mlandu wa ofusayidi ya ku Germany watha, Brazil aikhululukira. Mwezi watha Malawi itapeza malo ku chikho cha Africa cha ku Angola, patapita zaka zambirimbiri, anandiimbira foni kuti andiyamikire. Anati tsopano nafenso tidziwa momwe zimawawira munthu ukakhala ndi choti utaye. Ndinawafunsa kuti Malawi ikadzakumana ndi Ghana adzakhala mbali iti. Anati adzayang'ana agoloboyi.

Anamwalira kuchipatala, akazi awo ali pambali. Abale a ku Zomba anaimba mafoni kuti thupi lipite kumudzi, monga timachitira tonse. Amayi Nambewe anawauza mawu amene mwini wake anasiya: ndege imene anawakaniza ali moyo isadzawanyamule atafa. Anaikidwa konkuno, pamanda a m'mbali mwa msewu wa basi, Amalawi mbali ina akuimba za kwathu, a ku Ghana mbali ina atavala zofiira ndi zakuda. Mawu a ndege aja atanenedwa pamaliro palibe anandiyang'ana, ndipo kusandiyang'anako ndinakumva pakhungu.

Dzulo ndinapita kukawaona amayi. Anthu a pamaliro anabalalika, m'nyumba munatsala fungo la makandulo ndi makapu obwereka. Tinakhala kukhitchini komwe zinayambira. Ndinafuna kunena kanthu kotonthoza, mwina kodzitonthoza ndekha.

"Komabe amayi, tinawasunga. Pafupifupi zaka ziwiri. Ukwati wa mwana anauona."

"Anauona," anatero. "Ndipo zaka zimenezo sindingazibweze kwa munthu. Ndinazikonda."

Anazunguza supuni mu tiyi.

"Sutikesi ndinali nditalongedza kale, a Kaunjika. Tsiku lomwe anagonjetsa Nigeria. Mankhwala, masokosi a miyendo, malaya asanu. Yanganso ndinalongedza, ndinali nditasinthana shifiti ndi mnzanga. Pamene anatchula Kumasi paja, mukanangoti inde, ine sindikanatsutsa."

"Nanga osanena bwanji? Ndinakuyang'anani."

"Ndinakuonani. Koma ndinali nditakutumani. Munthu ukatuma nkhoswe sulankhulanso pamwamba pake, ungamuchititse manyazi pamaso pa alendo. Ndinkadikira inu."

"Ine ndinkadikira inu."

"Eya," anatero. "Iwo ankadikira tonsefe."

Ndinafunsa ngati akuganiza kuti akanabwerako amoyo. Anati ngati nesi sakudziwa, ndipo ngati mkazi wawo safuna kudziwa.

Potuluka ndinadzera pabalaza. Mpando umene mdala ankakhalapo unali wobwereka kuchipatala, wotukula miyendo, ndipo eni ake anabwera kale kudzautenga. Pa kapeti patsala timaenje tinayi ndi chigawo chimene mtundu wake sunasuluke ngati kwinako. Tivi ikuyang'anabe pamenepo. Amayi sanaikepo kanthu, ndipo akuti alendo onse amene akubwera kudzapepesa amapalambalala, ngakhale ana, ngati pali miyendo ya munthu imene angaipunthwe. Nanenso ndinapalambalala. Pawindo chipale chinali chitayamba kusungunuka, madzi akudontha pa galasi, basi ya kwa a Mensah ikudutsa yopanda anthu.

A Kamtedza anapeza ukwati wa mwana wawo ndi chikho cha anyamata aja. Mayi wakhungu wa ku Kumasi anafa mbale ya goloboyi wake asanaiperekenso. Amayi Nambewe anapeza zaka zawo ziwiri, ndi masutikesi awiri oti amasule okha. Ine mawu anga sanathyoke, monga sanathyokepo chiyambire. Inu amene simunali m'chipindamo, amene mwaonera masewero onsewa muli pambali, tandiuzani: anapambana ndani?